Nyumba yakale ya ku Chegutu: khoma likunyowa, mtengo ndiulembe bwanji?

Mmisiri womanga, Mufakose

Akuluakulu ndi anzanga a ntchito, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata ino. Mayi ena a kumpingo kwathu, amene atsala pang'ono kupuma pantchito ya unamwino, apeza nyumba yakale yotsika mtengo ku Chegutu, tauni ya kuno ku Zimbabwe, kufupi ndi njanji, ndipo anandipempha kuti ndikaione asanapereke ndalama. Ndinapitako Loweruka. Ndi ya njerwa zootcha zomangira matope, denga la malata, khonde mbali zitatu, pansi poyala matabwa, ndiponso siling'i yachitsulo ya maluwamaluwa imene masiku ano simungaipeze m'sitolo.

Vuto lili pa khoma la kumbuyo, lomwe ndi lonyowa kuyambira pansi mpaka m'chiuno. Nditagogoda ndi hamala, pulasitala ankalira ngati ng'oma, ndipo nditamatula pang'ono, njerwa ya m'kati inanyenyeka m'manja ngati chigumu. Mayiwo akufuna kuti ndichotse pulasitala yense n'kupaka wa simenti wolimba, kenako ndizule matabwa, ndithire konkire ndi kuyala matailosi. Mtima wanga ukukana, koma ndikusowa mawu owauza, ndipo sindikudziwa kuti ndilembe mtengo wotani pa zinthu zimene sindinazione m'kati.

Mmisiri wopuma pantchito, Highfield

Mwana wanga, mtima wanuwo ukunena zoona. Ndikufunseni kaye: pulasitala amene akulirayo ndi wa mtundu wanji? Ngati ndi wotuwa komanso wolimba kuposa njerwa, ndiye kuti wina anapakapo kale simenti, ndipo iyeyo ndiye anayambitsa matendawa. Nyumba zambiri zakale ngati imeneyo zilibe choletsa chinyezi pamwamba pa maziko monga timaikira ife lero. Khoma limamwa madzi kuchokera m'nthaka, ndipo omanga ake ankadalira kuti madziwo azituluka okha kudzera mu pulasitala wa laimu, amene amalola khoma kuuma. Mukatseka ndi simenti, madzi amasowa kolowera n'kumakwera m'mwamba, ndipo matope a pakati pa njerwa amafewa. Konkire wa pansiyo angawonjezere vutolo, chifukwa chinyezi chonse chimene chinkauma kunsi kwa matabwa chidzathawira m'makoma.

Ine ndinachitapo cholakwa chomwechi ndili mnyamata, pa nyumba ina ya kumgodi kufupi ndi Kadoma. Mwini wake anandiyamikira kwambiri tsiku lolandira ntchito, koma patangopita dzinja limodzi penti anatuwa ndi mchere mpaka pa windo, ndipo ndinabwerera kukagwira ntchitoyo ulele.

Mmisiri womanga, Mufakose

Zikomo bambo. Ndi simenti ndithu, ndipo wapakidwa khoma la kumbuyo lokha. Makoma ena atatu, amene ali pansi pa khonde, akadali ndi pulasitala woyera wofewa ndipo ndi ouma.

Kalipentala, Glen Norah

Achimwene, yankho mwalipereka nokha pamenepo. Makoma atatu akutetezedwa ndi khonde, lachinayi mvula ikuligwera pa phazi. Pitaninso pamene mvula ya February ino isanathe, mukaime kumbuyoko mvula ikugwa, muone kumene madzi a padenga akuthera. Muyang'anenso ngati nthaka ya kumbuyo sinakwere chifukwa cha dimba kapena phulusa la zaka zambiri, pakuti iyenera kutsika ndi mizere iwiri ya njerwa kuchokera pomwe pali pansi pa nyumba. M'munsi mwa khoma mumakhala njerwa za mabowo kapena tizitsulo tolowetsa mpweya kunsi kwa matabwa, ndipo kawirikawiri timapezeka titakwiririka kapena titamatidwa poopa makoswe.

Za matabwawo, chonde musafulumire kuzula. Ngati ndi a mtundu wa paini wotchedwa Oregon pine, monga zilili m'nyumba zambiri zakale za m'mphepete mwa njanji, anthu kuno ku Harare amawafuna ndi maso ofiira. Zulani awiri okha pakona yonyowayo, mulowetse tochi, mubaye mitanda ndi sikuludiraiva. Ikalowa mosavuta ndiye kuti chiswe kapena kuwola kwafika kale. Mukwerenso kudenga muchite chimodzimodzi, chifukwa chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka bwino.

Mayi owerengera mitengo ya zomangamanga, Waterfalls

Pepani abambo, ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono, chifukwa tonse tathamangira ku khoma pamene nyumbayo sinakhale ya mayiwo. Nyumba ikatsika mtengo kwambiri, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala m'mapepala. Apeze loya wawo, osati wa wogulitsa yekha, akafufuze ku Deeds Office, ofesi yosunga zikalata za umwini wa malo kuno ku Harare, kuti title deed, chikalata cha umwini wa nyumbayo, ili m'dzina la yani ndiponso ngati nyumbayo siinapinyolitsidwe kubanki. Ngati mwini wake anamwalira, wogulitsayo aonetse kalata yochokera kwa Master of the High Court, mkulu wa kukhoti woona za chuma cha omwalira, yomupatsa mphamvu pa chuma cha masiye, apo ayi mawa adzatulukira mwana wina kuchokera ku Johannesburg akunena kuti sanafunsidwe. Umwini sungasinthidwe popanda chikalata cha kukhonsolo chosonyeza kuti ngongole za malo zalipidwa, ndi cha ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, cha msonkho wa wogulitsa.

Palinso nkhani ya zaka. Njanji yochokera ku Bulawayo inafika ku Harare mu 1902 podutsa tauni imeneyi, pamene inkatchedwa Hartley, choncho nyumba ya kufupi ndi siteshoni ikhoza kukhala yakale kwambiri. Lamulo limafuna kuti nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1910 isasinthidwe kwambiri kapena kugwetsedwa musanadziwitse a National Museums and Monuments of Zimbabwe, bungwe losamalira zinthu zakale. Funsani kukhonsolo ngati ali ndi pulani yake kuti mudziwe chaka.

Pa funso lanu lenileni, musalembe mtengo umodzi wa ntchito yonse, mudzalira. Lembani mtengo wa gawo loyamba lokha: kufufuza, kukonza denga, kuika mipope yolandira madzi a padenga, kutsitsa nthaka, kukumba ngalande, ndi kumatula simenti ya khoma la kumbuyo. Zimenezi mungaziyeze ndi tepi lero. Gawo lachiwiri mulembe kuti mtengo wake udzadziwika khoma likauma, ndipo mayiwo asainire kuti amva zimenezo.

Wamagetsi, Mbare

Muwonjezere magetsi pa gawo loyambalo. Mawaya akale okutidwa ndi labala amayoyoka mukangowakhudza, ndipo pamwamba pa siling'i yachitsulo imeneyo ndi ngozi yeniyeni. Asalowe m'nyumbamo wamagetsi asanayeze, ndipo afunse ku ZESA, kampani ya magetsi, ngati mita ilibe ngongole.

Mmisiri wopuma pantchito, Highfield

Mayi a ku Waterfalls anena bwino. Ndingowonjezera kuti pomatula simentiyo mugwiritse ntchito tchizulo ndi dzanja, pang'onopang'ono, osati makina, ndipo njerwa zofumbwa muzisintha zochepa pa nthawi imodzi kuti khoma lisakhale pa mwendo umodzi. Mulisiye lamaliseche chilimwe chonse. Pofika September mupake laimu, muyezo umodzi pa miyezo itatu ya mchenga, ndipo muzimuwaza madzi kuti asaume mofulumira. Penti wa mafuta asayandikire pamenepo. Ngati pali mng'alu, matanipo kachidutswa ka galasi mopingasa, mulembe tsiku pambali. Kakasweka, maziko akuyenda, ndipo pamenepo muitane injiniya.

Mmisiri womanga, Mufakose

Zikomo nonse. Ndalankhula ndi mayiwo madzulo ano. Za matailosi sanakondwe nazo, koma nditawafotokozera za makoma atatu ouma ndi limodzi lonyowa, avomera kudikira. Mawa akukaonana ndi loya, ndipo dipoziti sapereka mpaka kufufuza kwa ku Deeds Office kutatha. Ine ndikubwerera ku Chegutu Lachinayi ndi tochi ndi makwerero. Achimwene a ku Glen Norah, ngati muli ndi mpata tsiku limenelo tipitire limodzi, thiransipoti ndilipira ine.