Za mwana wanga woti "palibe amandiona" uja

Mwezi watha ndinafunsa za buku loti ndimupezere mwana wanga wamkazi wa zaka 10, yemwe chibwerereni ku Johannesburg kuchokera ku Mangochi amangodandaula kuti kusukulu palibe amamuona. Zikomo nonse amene munanditchulira Nal'ibali ndi Book Dash. Nkhani zawo za ana n'zaulere pa intaneti, tawerengako zingapo pafoni.

Koma chimene chamugwira mtima ndi kabuku kothaitha kamene ndinagula m'mbali mwa msewu ku Yeoville. Kamakamba za mtsikana amene tsiku lina anadzuka ali wosaoneka. Poyamba ankasangalala, mpaka pamene anaona mayi ake akumuikira chakudya madzulo aliwonse, chikuzizira osadyedwa. Pamenepo mwana wanga anatseka buku n'kufunsa, "Amayi, kodi agogo amandisungirabe mbale yanga ija?" Pakhosi panandiuma. Usiku womwewo tinawaimbira pa WhatsApp, agogo n'kuitulutsa mbaleyo, yobenthuka m'mphepete, kumuonetsa.

Kabukuko pano wabwereka mnzake wa ku Zimbabwe wa m'kalasi mwawo, ndipo Loweruka akubwera kwathu kudzadya nsima ya usipa.