Akuti ku Argentina ndalama zavuta, nanga bwanji anthu ake adzadza magombe a ku Brazil?

Tsokonombwe:
Anzanga ndithandizeni apa mutu wanga sukugwira. Zaka zonsezi timangomva kuti ku Argentina zinthu sizili bwino, ndalama yawo ya peso ilibe mphamvu, mu 2023 mokha mitengo ya zinthu inakwera ndi 211%. Koma ndinaona ma vidiyo a mu January 2025, mzere wa magalimoto pa boda ya Paso de los Libres osaoneka kothera, onse akuwolokera ku Brazil kukasambira. Dziko lawo lili ndi nyanja yake yomwe, Mar del Plata ili pompo makilomita 400 kuchokera ku Buenos Aires. Ndiye munthu amene ndalama yake yagwa amasiya bwanji gombe la kwawo nkupita kunja komwe akuyenera kuyamba wagula ndalama ya eni ake? Komanso Brazil yo timamva za mfuti ndi achifwamba, iwowa saopa? Amene mukudziwa tandimasulireni.

Mlendo_wa_Cordoba:
Amwene funso lanu ndi labwino, ndipo pamene pakukusokonezani ndi apa: mukuganiza kuti mitengo ikamakwera ndiye kuti kunja kwadula. Sizikhala choncho nthawi zonse. Chofunika ndi liwiro, chikuthamanga kwambiri nchiyani pakati pa mitengo ya m'sitolo ndi mtengo wa dola.

Onani zomwe zinachitika. Pulezidenti Javier Milei atalowa m'boma mu December 2023 anagwetsa peso kamodzinkamodzi, dola ya boma inachoka pa 360 ndi kanthu kufika pa 800. Chilimwe chimenecho anthu ambiri anakhala phee, kunja kunali kowawa. Koma kuchokera pamenepo boma linagwira dola kuti izikwera ndi 2% yokha pa mwezi, pamene mitengo ya zinthu mu 2024 inakwera pafupifupi 118%. Ndiye taganizani, chakudya cha mu lesitilanti chawirikiza, lendi ya nyumba ya ku gombe yawirikiza, malipiro nawo akukwerako ngakhale mochedwa, koma dola yangosuntha pang'ono. Mapeto ake munthu yemweyo malipiro ake ukawasintha kukhala madola akuoneka onenepa, ndipo dziko lake lomwe lasanduka lodula kuposa la aneba. Nthawi yomweyonso ndalama ya ku Brazil, real, inagwa mpaka kudutsa 6 pa dola imodzi kumapeto kwa 2024. Zinthu ziwirizi zinakumana nthawi imodzi, ndiye mzere munauonawo.

Ine ndimakhala kuno ku Argentina ndipo ndinaona ndi maso anzanga akuntchito atagwira foni akuwerengetsa, nyumba ya masabata awiri ku Pinamar, gombe la kuno, kuyerekeza ndi ya ku Canasvieiras ku Florianópolis, ku Brazil. Kuno January amamudula pawiri, amati quincena, ndipo lendi imayenda choncho. Chimene chimawapweteka kwambiri ku gombe la kwawo ndi carpa, kakhumbi kansalu kamene umachita lendi pa mchenga kuti ubisale mphepo ndi dzuwa, mtengo wake nthawi zina umachita kupikisana ndi wa nyumba yogona. Ku Brazil ukagula chakumwa ndi kachakudya pa gombe ambiri amakupatsa mpando ndi ambulera basi.

Pasipoti safunikanso, mayiko onsewa ali mu Mercosur, mgwirizano wa mayiko a ku South America, chitupa cha unzika chikukwana. Banja limangolongedza galimoto nkuyenda makilomita pafupifupi 1,700 kuchokera ku Buenos Aires, kugona panjira usiku umodzi.

Tsokonombwe:
Zikomo akulu, zayamba kumveka. Koma mwati "dola ya boma", kodi kulinso dola ina?

Mlendo_wa_Cordoba:
Eee zinalipo zambiri ndithu. Kuyambira 2019 boma linatseka mpopi, munthu ankaloledwa kugula madola 200 okha pa mwezi, lamulo lake amalitcha cepo. Ndiye panali ya boma, ya mumsewu yomwe amati blue, ina ya kudzera mu ma bond (zikalata za ngongole ya boma) yotchedwa MEP, komanso dólar tarjeta, yomwe ndi ya boma koma ataikapo misonkho ukalipira ndi khadi kunja. Msonkho umodzi unali PAIS, 30%, unayamba December 2019. Mu 2022 anthu akukonzekera kupita ku World Cup panabadwanso ina yomwe anaipatsa dzina loti dólar Qatar. Wa PAIS uja unatha mu December 2024, ndendende tchuthi chikuyamba, ndipo cepo kwa anthu wamba anaichotsa mu April 2025. Choncho munthu wa kuno asanasankhe gombe amayamba wafunsa kuti ndikalipira ndi dola iti, kusiyana kwake kumatha kukhala chakudya cha sabata yonse.

Nangondo_SC:
Ine ndiyankhe mbali ya chitetezo chifukwa ndili pa sukulu kuno ku Santa Catarina, chigawo cha kummwera kwa Brazil, ndipo mwezi wa January m'basi umangomva Chisipanishi chokhachokha.

Achimwene, Brazil ndi dziko lalikulu kwambiri, kunena kuti "Brazil ndi yoopsa" nkulakwitsa. Ndalama ndi imene imasankha dziko, koma mantha ndi amene amasankha gombe m'dzikomo, ine ndimaona choncho. Mabanja a ana ang'ono ambiri amathera kuno kummwera, Florianópolis, Bombinhas, Balneário Camboriú, chifukwa nkufupi inde, komanso Santa Catarina ili m'gulu la zigawo zomwe kuphana kuli kochepa kwambiri m'dziko muno. Rio de Janeiro amaikonda koma amapita atamanga mtima. Kumeneko kuli chimene amati arrastão, gulu la anyamata limathamanga pa gombe nthawi imodzi likutola mafoni ndi zikwama, ndipo chimene amachiopa kuposa zonse ndi GPS. Mu December 2024 bambo wina wa ku Argentina ali ndi banja lake m'galimoto anasocheretsedwa ndi mapu a pa foni nkulowa dera lolamulidwa ndi zigawenga, anamuwombera, pambuyo pake anamwalira ku chipatala. Nkhani imeneyo inawagwedeza kwambiri. Nchifukwa chake ena amangotsika ndege ku Rio nkukwera basi kulunjika ku Búzios, tawuni yaying'ono komwe usiku umayenda wapansi mtima uli m'malo.

Koma ndikuuzeni, zimene zimawapweteka kuno kawirikawiri si mfuti ayi. Ndi msewu, munthu wayendetsa maola khumi ndi awiri tulo tili m'maso kenako walowa mumsewu waukulu wa BR-101 wodzadza ndi ma thiraki. Ndi mafunde, mbendera yofiira ili poteropo iye akulowabe. Ndi m'mimba, mu January 2023 matenda otsegula m'mimba anavuta kwambiri ku Florianópolis, anthu akachuluka mapaipi a zonyansa amalephera ndipo magombe ena madzi ake amawalemba kuti sayenera kusambiramo. Onjezanipo dengue, 2024 inali yoopsa ku Brazil kuno ngakhalenso ku Argentina komweko. Mnzanga wina amagwira ntchito yolandira alendo pa nyumba zogona, akuti funso loyamba la amayi silikhala la akuba, limakhala loti madzi a gombe ili ali bwanji sabata ino.

Chinanso chimene chathandiza ndi Pix, njira yolipirira pa foni ya banki yaikulu ya kuno. Pano pali ma app a ku Argentina omwe amakulola kusikana QR nkulipira ngati mwini dziko, ngakhale wogulitsa chimanga chophika pa mchenga amalandira. Kale ankayenda ndi mpukutu wa madola mu sokosi kukasintha kwa anthu osawadziwa, pamenepo ndi pomwe ambiri amaberedwa.

Gogo_Chikumbutso:
Ana inu nkhani iyi si yatsopano ayi, ine ndaitsatira kuyambira kale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 dola itatchipa anthu a ku Argentina ankadzadza masitolo a ku Miami mpaka anapatsidwa dzina loti "deme dos", kutanthauza ndipatseni ziwiri. Kuyambira 1992, nthawi ya pulezidenti Carlos Menem, peso imodzi inali dola imodzi mwalamulo, ndipo anabwereranso ku Brazil ndi ku Caribbean mwaunyinji. Zinathera pati? December 2001 mabanki anatsekera anthu ndalama zawo, chiyambi cha 2002 peso inagwa, ndipo omwe aja anabwerera ku Mar del Plata ndi Villa Gesell mwakachetechete. Mu 2023 zinali zotembenuka, a ku Chile, Uruguay ndi Brazil ndi amene ankawoloka kukagula mafuta a galimoto ndi zakudya ku Argentina chifukwa ndi dola ya blue zonse zinali ngati zaulere.

Ine ndikaona mzere wa pa boda uja sindisangalala, ndimada nkhawa. Madola amene akukathera pa mchenga wa eni ndi omwewo amene banki yaikulu ya dzikolo ikuwasowa kuti ibweze ngongole ya IMF. Ndipo woperekera zakudya wa ku Mar del Plata amene chaka chonse amadalira miyezi iwiri yokha, January ndi February, iyeyo ndi amene amalipira tchuthi cha anzakecho.

Kamdothi22:
Agogo mwanena zoona koma ndikufuna nditsutseko pang'ono zomwe zanenedwa pamwambapa, chifukwa zikumveka ngati dziko lonse linasamukira ku Brazil. Ayi. Amene amawoloka ndi amene ali ndi malipiro a pamwezi okhazikika kapena madola osunga m'nyumba. Theka loyamba la 2024 umphawi ku Argentina unadutsa theka la anthu onse, amenewo funso la Pinamar kapena Florianópolis siliwakhudza nkomwe. Ndipo magombe a kwawo sanaume, ambiri anangofupikitsa masiku, m'malo mwa masabata awiri akupita masiku anayi, akuphika okha osalowa mu lesitilanti.

Chachiwiri musaiwale madzi. Nyanja ya ku Mar del Plata ndi yozizira ndipo mphepo yake siyimasewera, pamene ku Brazil mwana amatha kukhala m'madzi tsiku lonse. Mtima wawo unali kale kumeneko, dola imangotsegula kapena kutseka chitseko. A ku Mendoza, kumadzulo kwa Argentina, okha ndiye nkhani ina, kwa iwo nyanja yapafupi ili ku Chile, amakwera mapiri a Andes kudzera pa boda ya Cristo Redentor nkutsikira ku Viña del Mar ndi Reñaca, madzi ake ozizira zedi koma amabwerako galimoto itadzadza nsapato, zovala ndi ma TV. Punta del Este ku Uruguay ndi ya olemera, kumeneko amagula bata, ndipo dola ikwere itsike iwo amapitabe.

Za chitetezonso tisamayankhule ngati kwawo kulibe mavuto. Chilimwe chilichonse chigawo cha Buenos Aires chimatumiza apolisi ambirimbiri ku magombe, amati Operativo Sol, chifukwa nyumba za lendi zimathyoledwa anthu ali kosambira. Ndipo mu January 2020 ku Villa Gesell mnyamata wa zaka 18 anamenyedwa mpaka kufa kunja kwa malo ovinira ndi gulu la anyamata ena, mlandu unaweruzidwa mu 2023, asanu anapatsidwa moyo wonse kundende. Makolo ambiri kuchokera pamenepo amaganiza kawiri asanalole mwana kupita yekha ndi anzake ku gombe, ngakhale la kwawo lomwe.

Nangondo_SC:
Apo ndagwirizana nanu achimwene. Mayi wina wa ku Rosario, mzinda wa ku Argentina, amene ndinacheza naye pa basi anandiuza kuti iye kuno amagona tulo kuposa kwawo, ndipo mukadziwa mmene Rosario yavutikira ndi magulu a mankhwala ozunguza bongo simungamutsutse. Munthu amayeza kuopsa kwa malo poyerekeza ndi kumene wachokera.

Tsokonombwe:
Mwanditsegula maso nonsenu. Ndatsala ndi kamodzi a Mlendo, anzanu akuntchito aja amayamba liti kulipira nyumba, poti dola ikhoza kusintha pakati pa October ndi January?

Mlendo_wa_Cordoba:
Ochenjera amagula madola kaye pang'onopang'ono miyezi ikadalipo, nyumba amapereka kachikole kochepa, zotsala amakamaliza atafika. Tikiti ya ndege yokha ndi imene amathamangira. Ena amasungitsa malo awiri, amodzi ku Brazil amodzi kwawo, onse oti ukhoza kukaniza osaluza ndalama, kenako amadikira kuti December anene.