Zomwe zinachitikira Philadelphia Eagles Wentz atavulala

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa la mu Disembala 2017, pamene Carson Wentz, quarterback (wosewera amene amatsogolera anzake ndi kuwaponyera mpira) wa Philadelphia Eagles, timu ya mpira wa ku America ya mu ligi ya NFL, anavulala bondo ku Los Angeles. Ndinafunsa ngati timuyi inali ndi mwayi uliwonse m'ndime ya ma playoffs (masewero a kumapeto kwa nyengo, omwe timu ikagonja imatuluka) popanda iye, ndipo ambiri mwa inu munandiuza kuti za chikho ndingoiwala.

Ndinatsatira malangizo a ochepa amene munati ndisamaike mtima pa wosewera mmodzi, koma ndiyang'ane mphamvu ya otchinga ndi malo a timuyi mu NFC, limodzi mwa magawo awiri a ligiyi. Munalondola. Itapambana masewero 13 mwa 16, Eagles inakhala pamwamba, inapuma sabata yoyamba ndipo inasewerera pakwawo kawiri, kugonjetsa Atlanta Falcons 15-10 ndi Minnesota Vikings 38-7. Pa 4 Febuluwale 2018 ku Minneapolis, inagonjetsa New England Patriots 41-33 ndi kutenga Super Bowl yake yoyamba, chikho chachikulu cha ligiyi, ndipo Nick Foles, amene analowa m'malo mwa Wentz, ndiye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa masewerowo.

Kwa amene timu yake yataya quarterback nyengo ikutha, ndinganene kuti musaweruze ndi masewero omaliza a ligi. Foles sanasewere bwino ndi Oakland Raiders pa Khirisimasi, ndipo ine mtima unandithera, koma mphunzitsi Doug Pederson anagwiritsa ntchito sabata yopuma ija kusintha kaseweredwe kuti kagwirizane ndi zimene Foles amazidziwa bwino, makamaka kuponya mpira mwachangu kwa anzake apafupi.