Nyongolotsi za nthenga zam'nyanja: tizizindikire ndi maso kapena ndi DNA?

Mphunzitsi_Bangula

Akuluakulu, ndithandizeni. Pasukulu pano pali mabotolo 4 a nyongolotsi zam'nyanja ya mchere zochokera kugombe la Beira, zija zimakhala m'kachubu n'kumatambasula nthenga kumutu ngati chokupizira. Mabotolo awiri muli fomalini, enawo muli spiriti wofiirira wa m'golosale. Tiyang'ane chiyani pathupi kuti tidziwe mtundu wake? Nanga kutumiza kachidutswa kukayezetsa DNA kungatheke? Ana akutinso zonga zomwezi amaziona m'matope a ku Elephant Marsh.

WaLabu_Nchalo

Aphunzitsi, yambani ndi chubucho. Dontheretsani viniga pa kachidutswa kake. Chikachita thovu ndiye kuti ndi cha laimu, ndipo kawirikawiri mwini wake ndi wa banja la Serpulidae. Ambiri a iwo ali ndi kachivundikiro kotsekera pakhomo. Chubucho chikakhala chofewa ngati chikopa, chomatidwa ndi matope kapena mchenga, muli ku banja la Sabellidae.

Kenako ng'ambani chubu m'litali ndi kasizasi. Musakoke nyamayo chogwira kumutu, nthenga zimathothoka zonse pamodzi, ndipo zizindikiro zambiri zili komweko.

Pa maikulosikopu gonekani nthenga imodzi muone kumsana kwake. Mukaona timphandamphanda tiwiritiwiri totuluka kunja, ma stylode, pamodzi ndi timaso takuda tiwiritiwiri, ameneyo ndi Branchiomma. Diso limodzi lalikulu pafupi ndi nsonga ya nthenga likulozerani ku Acromegalomma, amene mabuku akale amamutcha Megalomma mpaka dzina linasinthidwa mu 2017. Nyongolotsiyo ikakhala yaikulu, nthenga zambirimbiri zothithikana koma zopanda timphanda, ganizirani Sabellastarte.

Musaimire pamutu pokha. Werengani mfundo za pachifuwa, zomwe nthawi zambiri zimakhala 8. Malire a chifuwa ndi mimba mumawadziwa pomwe ubweya ndi timbedza zasinthana malo: pachifuwa ubweya uli kumsana, timbedza kumimba, mukadutsa malirewo zimatembenuka. Dulani kamzere ka timbedza ta mfundo yachinayi, ikani pagalasi ndi dontho la gilisalini, mukuze ka 400. Onani ngati pambali pa timbedza pali mzere wina wa tiubweya toperekeza. Sabella ndi Bispira ali nato, Branchiomma ndi Sabellastarte alibe. Apa ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa kanyamako kakagona chopindika mzere wachiwiriwo umabisala.

Maonekedwe a utoto musawakhulupirire. M'botolo amafwifwa, ndipo ngakhale zamoyo zamtundu umodzi zimasiyana mawanga.

MayiWaZamoyo_Nsanje

Za DNA, aphunzitsi, mabotolo anuwo sangakuthandizeni kwenikweni. Fomalini amamanga DNA ku mapuloteni n'kuidula tizidutswa, ndiye PCR wamba, njira yochulukitsira DNA kulabu, imakana. Spiriti wa m'golosale ali ndi utoto ndi zina zosakaniza, mphamvu yake siidziwika. Zisungeni zophunzitsira maonekedwe basi.

Wina akadzapitanso kugombe achite chonchi, kuyamba ndi kulefula nyamayo. Sungunulani magalamu 7.5 a magnesium chloride m'mamililita 100 a madzi abwino, musakanize theka ndi theka ndi madzi a m'nyanja. Ikani nyamayo mpaka mukaikhudza isabwerere m'kati, mwina mphindi 20 kapena 30. Mukaiponya mu mankhwala isanalefuke imakwinyika, kolala ya pakhosi n'kupindika, nthenga n'kuduka. Ijambuleni idakali ndi utoto wake. Dulani kanyama kongofanana ndi njere ya mpunga m'mbali mwa mimba, kupewa matumbo, muike mu ethanol wa 96%. Mawa lake tayani ethanolyo muthire watsopano, poti madzi a m'thupi amakhala amusungunula. Thupi lotsalalo ligone mu fomalini wa 10% tsiku limodzi kapena awiri, mulitsuke, lisamukire mu ethanol wa 70%. Mabotolo onse awiri alembedwe nambala imodzi, ndi pensulo, kapepala kali m'kati. Inki imasuluka.

Kuno kuchigwa mdani wamkulu ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukadutsa madigiri 40, ethanol amauluka m'botolo lotseka mosasamala, DNA n'kuonongeka. Mangani pachivundikiro, sungani mu firiza, ndipo magetsi akathima musamatseguletsegule.

Kulabu amayamba ndi jini ya COI, kachigawo ka zilembo 658, ndi mapulayima (tizidutswa ta DNA toyambitsira PCR) a Folmer a mu 1994. Pa nyongolotsi izi amakanakana, makamaka pa Serpulidae, n'chifukwa chake ambiri amatembenukira ku majini ena, cytochrome b kapena 16S. Jini ya 18S imasintha pang'onopang'ono kwambiri. Ikuuzani banja, koma mitundu iwiri yapachibale singailekanitse. Za chilolezo musaiwale: kutulutsa zamoyo m'Mozambique kukayeza majini kumafuna mapepala, malinga ndi pangano la mayiko la Nagoya.

WaLabu_Nchalo

Mayi anena zoona, ndingoonjezapo kuti DNA payokha sitchula dzina. Mukaika zotsatira pa GenBank, nkhokwe ya DNA ya pa intaneti, n'kupeza kuti zafanana 99%, mwangofanana ndi chimene wina analembapo, ndipo ngati iyeyo analakwitsa dzina nanunso mwalakwitsa. N'chifukwa chake thupi lija lisatayidwe. Komanso buku la John Day la mu 1967 la nyongolotsi za kummwera kwa Africa likuthandizani pa zithunzi, koma mayina ambiri mmenemo ndi a zamoyo za ku Ulaya zomwe kale ankaganiza kuti zili paliponse. Dzina lililonse litsimikizeni pa WoRMS, mndandanda wa pa intaneti wa mayina a zamoyo zam'nyanja.

Mlangizi_Chiromo

Za anawo, zomwe akuona ku Elephant Marsh si zimenezi. Timachubu ta m'matope a Shire nthawi zambiri ndi ta mphutsi zofiira za tizilombo touluka tonga udzudzu, kapena ta tinyongolotsi tofiira togwedeza mchira pamwamba pa matope. Auzeni atole m'mbale yoyera aone: mphutsi ili ndi kamutu kolimba koderako, ndipo nthenga palibe. Zanthenga zam'madzi opanda mchere zilipo ndithu, monga Manayunkia wa ku nyanja ya Baikal ndi ku North America, koma n'tating'ono ta mamilimita ochepa. Akakapeza kena kotambasula nthenga, kaikeni mu ethanol wa 96% tsiku lomwelo, mulembe malo ndi deti.