Kodi chimene chasunga utaka pachilumba cha Mbenji n'chiyani?

Mdzukulu wa msodzi, Lilongwe

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera ndi funso limene lakhala likundizungulira m'mutu chibwerereni kumaliro a agogo anga aamuna ku Salima. Agogowo anali msodzi moyo wawo wonse, koma ine ndinakulira m'tauni, moti nsomba ndimaidziwira pamsika ndi m'mbale basi. Usiku wa maliro, anzawo a malemuwo anachezera kukumbutsana za masiku amene ankakhala pachilumba cha Mbenji, m'nyanja ya Malawi, miyezi ingapo osaponda kumtunda, ndipo ankatchula malamulo amene anandidabwitsa: kuti mvula ikayamba chilumba chimatsekedwa, kuti sikufika munthu wamkazi, kuti mowa suloledwa, ndiponso kuti njoka saipha ngakhale italowa mumsasa. Sindinafune kuwadula mawu pasiwa, koma poti safunsa anadya phula, ndati ndifunse kuno.

Kodi malamulo amenewa akutsatidwabe? Ndipo ngati n'zoona kuti utaka wa pa Mbenji ndi waukulu kuposa wa m'madoko ena, chimene chausunga n'chiyani kwenikweni, miyambo ya mizimu kapena kutseka nyanja? Ndikufunsa chonchi chifukwa boma nalo limatseka nyanja chaka ndi chaka, komabe chambo chimene makolo athu ankadya mosawerengera lero chasanduka ndiwo ya anthu a ndalama.

Msodzi wopuma, kwa Makanjira

Mwana wanga, pepani ndi maliro, ndipo mwachita bwino kufunsa. Ine ndakokapo ukonde wa chilimira pa Mbenji zaka zambiri mpaka pamene msana unandiletsa, choncho ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Malamulowo alipo ndipo akugwira ntchito mpaka lero. Anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi ufumu wa Makanjira wa ku Salima, pamene asodzi ochokera ku Likoma anayamba kufika ndi maukonde awo kudzapempha malo ophera utaka. Chilumba chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, ndipo potseka ndi potsegula pomwe pamakhala mwambo umene mfumu imatsogolera, nsembe n'kuperekedwa kwa makolo. M'miyezi yotsekayo palibe amene amagona pachilumba kapena kuponya ukonde m'madzi ozungulira. M'miyezi yotsegula, munthu asanakwere bwato padoko la Chikombe, a komiti ya mfumu ankationa katundu, ndipo wopezeka ndi mowa, chamba kapena zotchovera njuga ankabwezedwa pomwepo. Wolakwa ali kale pachilumba ankalipitsidwa, ndipo mlandu ukakula ankathamangitsidwa.

Tsopano pa funso lanu lenileni, ine sindisiyanitsa miyambo ndi kutseka nyanja monga mwachitiramu, chifukwa kwa ife zinali chinthu chimodzi. Akuluakulu ankatiuza kuti wotsalira pachilumba nthawi ya dzinja akwiyitsa mizimu ndipo mphenzi imupeza. Munthu wa sukulu anganene kuti chilumba cha miyala chili pakati pa madzi chimakhala choopsa ndithu nthawi ya ziphaliwali, ndipo sanama. Koma taganizirani zimene lamulo limodzi lomwelo linkachita. Linkapulumutsa asodzi ku mphenzi ndi mafunde a dzinja, linkawabweza kumudzi nthawi yeniyeni yolima kuti banja lisagone ndi njala podalira ukonde wokha, ndipo linkapatsa nsomba miyezi inayi yoswana ndi kukula popanda wozisokoneza. Utaka, monga chambo, umasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mwa mayi. Mukakola nsomba yaikazi imodzi yoteroyo mwapha ana onse amene inanyamula, ndipo aliyense amene anatsegulapo kamwa ya utaka n'kuona tiana tikutuluka amadziwa zimenezi popanda womuphunzitsa.

Palinso nkhani ya zida. Utaka umasonkhana pa virundu, ndiko kuti miyala ikuluikulu ya pansi pa madzi, ndipo chilimira chimaponyedwa ndi mabwato awiri motsata mmene madzi akukokera pamalopo. Imeneyi ndi ntchito ya luso yofuna munthu wodziwa chirundu chilichonse ndi khalidwe la mphepo, kaya ndi mwera wa m'miyezi yozizira kapena mpoto. Kumadoko ena anthu anazolowera kauni, kumene siginala amakhala m'kabwato ndi nyali usiku kuitana nsomba kuti zisonkhane, ndipo zazikulu ndi zazing'ono zomwe zimathera mu ukonde. Pa Mbenji nyali zinakanidwa, pamodzi ndi maukonde a maso ang'onoang'ono. Za mowa ndi njuga musazione ngati nkhani ya chipembedzo chabe: amuna mazanamazana akakhala pamalo opanikizana, ali ndi ndalama m'thumba ndi mipeni yotumbulira nsomba m'manja, mowa ukalowapo ndewu sichedwa, ndipo woledzera m'bwato amamiza anzake.

Chimene ndikufuna mugwire ndi chakuti lamulo la pa Mbenji lili ndi mwini wake amene tonse timamudziwa, ndipo malo ake ali ndi malire amene diso limaona. Munthu akaba nsomba nthawi yotseka salakwira ofesi ya kutali ayi, amalakwira mfumu imene idzaweruze mlandu wa munda wake mawa, ndiponso anzake amene adzakhale naye m'bwato limodzi mu Epulo.

Mayi wa geni ya nsomba, Salima

Bambo, zimene mwafotokozazi ndi zoona, ndipo ine amene ndakhala ndikupikula nsomba pa Chikombe ndikuchitira umboni kuti utaka wa pa Mbenji sufuna kuunenerera pamsika. Ndi wonona, ndipo ukauma bwino pathandala suphwanyika msanga m'dengu. Wogula wodziwa nsomba amangougwira n'kufunsa mtengo.

Komabe pali mbali imene abambo mukamasimba za chilumbachi mumaidutsa mofulumira, ndiyo ya ife amayi. Lamulo loletsa akazi ndimalilemekeza monga mwambo wa eni dera, ndipo ndikudziwa kuti linateteza mabanja ambiri ku makhalidwe amene tikuwaona m'madoko ena, kumene mayi wosowa mpamba amaumirizidwa kugona ndi msodzi kuti apeze nsomba. Zimenezo n'zomvetsa chisoni ndipo zafalitsa matenda m'mbali mwa nyanja. Koma kunena zoona, lamuloli lilinso ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira ndife. Wamalonda wamwamuna amatha kuwoloka n'kukagula nsomba pamene yangotuluka m'madzi, pomwe ine ndiyenera kudikira kumtunda n'kugula kwa iyeyo ataikapo kale phindu lake. Sindikunena kuti mwambo uthe, koma amene akufuna kutengera chitsanzo cha Mbenji kumadera ena asaganize kuti chinsinsi chake ndi kuthamangitsa amayi padoko. Utaka sukula chifukwa choti sunaone chitenje. Ukukula chifukwa umapatsidwa miyezi yopuma ndiponso sukokedwa ndi neti yotetezera udzudzu.

Kwa inu achimwene a ku Lilongwe, ngati mukufuna kulawa chimene agogo anu ankadya, mukapeza utaka wouma musauthire m'mafuta ambiri monga amachitira m'tauni. Uwambeni pang'ono pamakala kuti fungo lidzuke, muuviike m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke ndi kuti ufewe, kenaka muuphike pamoto wochepa ndi tomato, anyezi ndi mchere, osautakasa ndi mthiko kuopa kuuphwanya, koma kungogwedeza mphika. Ena amathira nsinjiro chakumapeto. Wauwisi, wongotuluka kumene m'madzi, sufuna china koma mchere ndi makala.

Mphunzitsi wa ku Bua, Nkhotakota

Ndawerenga mayankho awiriwa mwachidwi, ndipo ndikufuna kuwonjezerapo za kumitsinje, chifukwa nzeru yopatsa nsomba mpata sinali ya pachilumba pokha. Kwathu kuno nsomba ya ulemu ndi mpasa, imene imakhala m'nyanja koma imakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswana pamiyala ya m'madzi oyera. Sanjika nayo imachita chimodzimodzi. Makolo athu ankadziwa nyengo yake, ndipo ankamanga biyo, mpanda wa mitengo ndi bango wodutsa mtsinje, n'kutchera miono m'mipata yake. Agogo anga ankanena kuti biyo silinkamangidwa popanda chilolezo cha mwini dziko, ndipo womanga ankayenera kusiya mpata woti nsomba zina zipitirire kumtunda, chifukwa wotseka mtsinje wonse ankaonedwa ngati wadyera anzake a kumtunda pamodzi ndi ana ake omwe. Katupe, mankhwala a zitsamba oledzeretsa nsomba, analipo kalekale, koma ankathiridwa m'maiwe otsalira m'chilimwe, mudzi wonse ukudziwa, osati mumtsinje woyenda nthawi imene mpasa ikukwera.

Kusiyana kwa Bua ndi Mbenji n'kwakuti mtsinje ulibe mwini mmodzi. Bua amachokera kutali ku Mchinji, ndipo amadutsa m'minda ya anthu ambiri amene mpasa sanaionepo. Mitengo ikadulidwa kumtundako ndipo anthu akalima mpaka m'mphepete mwa madzi, dothi limakokoloka n'kukwirira miyala imene nsombayi imaikirapo mazira, ndipo palibe mfumu ya kunyanja imene ingaweruze mlandu umenewo. Chimene chathandiza mpasa ya mu Bua ndi chakuti gawo lina la mtsinjewu limadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene kuyambira 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Koma nsomba isanafike m'nkhalangomo iyenera kudutsa kumathiriro, kumene maukonde amaidikirira. Tisaiwale za ntchila, nsomba inanso yokwera mitsinje, imene kale inkaphedwa yochuluka kwambiri m'nyanja ya Malawi koma ana a masiku ano ambiri sanaionepo n'kamodzi komwe.

Wa komiti ya padoko, Mangochi

Ndiyankhe mbali ya funso imene yatsalira, yokhudza kutseka nyanja kwa boma. Ine ndatumikirapo m'komiti ya padoko kunyanja ya Malombe, kumene chambo chinatha mochititsa mantha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka ndi maukonde a nkacha atakokolola ana a nsomba pamodzi ndi udzu wa pansi pa madzi umene ankabisalamo. Makomiti a m'madoko anayambira kwathu kuno m'chaka cha 1993, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Panyanja ya Malawi, makoka a chambo amaletsedwa kuyambira mu Novembala, nthawi imene chambo chimaswana m'madzi osaya.

Pepala la lamulo lilibe vuto, koma ife tinapeza zovuta zitatu zimene a pa Mbenji alibe. Gombe ndi lalitali ndipo munthu angaponye khoka usiku pamalo alionse, pomwe chilumba chili ndi khomo lodziwika. Chachiwiri, asodzi ambiri a kwathu alibe munda wokwanira woti abwerereko nyanja ikatsekedwa, choncho kuwauza kuti aleke miyezi iwiri kapena itatu kuli ngati kuwauza kuti ana asadye. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chinandipweteka mtima kwambiri, makomiti ena anaoneka ngati obwera ndi alendo, osati omera pamudzi, moti pena ankalimbirana mphamvu ndi mafumu m'malo mogwirizana nawo. Ndinaonapo ukonde woletsedwa umene tinalanda masana utabwezedwa kwa mwini wake dzuwa lisanalowe, chifukwa mwiniyo anali munthu wa ndalama wodziwana ndi akuluakulu. Zikatero kawiri katatu, msodzi wosauka amene munamulanda wake sadzakumveraninso.

Masiku ano midzi ina yayamba kupatula malo ang'onoang'ono m'madzi kumene saloleza kupha nsomba chaka chonse, n'kumizamo nthambi za mitengo kuti khoka lisadutse ndiponso kuti ana a chambo apeze pobisala. Kumene mfumu yaimapo nji ndipo anthu anasankha okha malowo, ndaona tiana ta chambo tikubwerera.

Mdzukulu wa msodzi, Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Mayi, mawu anu okhudza amene amalipira mtengo wa mwambowu sindinawaganizirepo, ndipo ndikafika kumudzi ndikafunsa agogo aakazi mmene ankakhalira miyezi imene agogo aamuna anali pachilumba. Bambo a kwa Makanjira, ndili ndi pempho limodzi: kodi munthu wosakhala msodzi ngati ine angaloledwe kuonerera mwambo wotsegulira chilumba? M'nyumba ya malemu mwatsala nkhafi yawo ndi singano yosokera ukonde, ndipo ndikulakalaka kukaona madzi amene zida zimenezi zinagwiramo ntchito.

Msodzi wopuma, kwa Makanjira

Mwana wanga, mwambowo si wobisika, ndipo kumabwera anthu ambiri, a boma ndi alendo omwe. Tsiku lake amalengeza ndi a mfumu, choncho mwezi wa Marichi ukamatha mufunse abale anu a ku Salima kuti akutsineni khutu. Mukafika musathamangire kudoko, koma muyambe mwaonekera kwa a mfumu a m'mudzi wa agogo anu n'kutchula dzina la malemuwo, pakuti alipo akuluakulu amene anakoka nawo chilimira ndipo adzakondwa kukuperekezani. M'chikwama mwanu musakhale botolo la mowa ngakhale laling'ono. Nkhafiyo mubwere nayo.