Kodi mphamvu ya nyukiliya ingafikitse anthu ku nyenyezi ina?

Mphunzitsi wa ku Highfield: Dzulo usiku magetsi atazima, ndinakhala pakhonde ndi mdzukulu wanga tikuyang'ana nyenyezi, ndipo anandifunsa ngati anthu angadzasamukire kumeneko. Ndinamuuza kuti chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977, chimathamanga makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, komabe chingatenge zaka zoposa 70,000 kuti chiyende mtunda wofika ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa. Kodi mphamvu ya nyukiliya ingafupikitse ulendowu moti mabanja n'kukwera?

Makanika wa ku Msasa: Aphunzitsi, ingafupikitse ndithu, koma osati mokwanira. Injini za nyukiliya zotchedwa NERVA zimene Amereka anayesa m'zaka za m'ma 1960 zinkatenthetsa haidrojeni, ndipo pa mafuta ofanana zinkakankha pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi roketi wamba. Zimenezo n'zothandiza popita ku Mars basi. Pulani ya Orion yophulitsa mabomba kumbuyo kwa chombo inafooka pambuyo pa pangano la 1963 loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya mumlengalenga. Pulani ya chombo china cha nyukiliya chotchedwa Daedalus, imene akatswiri a ku Britain anamaliza kulemba mu 1978, inali yofika ku nyenyezi ya Barnard m'zaka 50, koma chombocho chinali chopanda anthu ndiponso chongodutsa osaima. Kumeneko kulibe msewu woti matayala agwire, choncho kuimitsa chombo kumadyanso mafuta ambirimbiri amene muyenera kuwanyamula kuchokera kuno.

Namwino wa ku Mbare: Ine nkhawa yanga ili pa anthu okwerawo, bambo. Mu 1991 anthu 8 anadzitsekera m'nyumba yagalasi ya Biosphere 2 ku Arizona, akulima chakudya chawo, koma okosijeni anatsika kufika pafupifupi 14 peresenti mpaka anachita kuwapopera wina kuchokera kunja, ndipo njala inawaondetsa. Ife kuno mipopi ikauma timanyamula zigubu kupita ku mjigo, nanga m'chombo muja pampu ikafa adzathawira kuti? Onjezanipo cheza choopsa cha m'mlengalenga chimene chimayambitsa khansa, ndi mafupa amene amafooka munthu akakhala nthawi yaitali osaponda pansi. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ana obadwira m'njira, amene adzakalambe ndi kufera m'chombo asanaone kumene makolo awo anachokera ngakhale kumene akupita.

Mphunzitsi wa ku Highfield: Zikomo nonse. Mayi, za ana obadwira m'njirazo sindinaziganizepo, ndipo madzulo ano ndimufunsa mdzukulu wanga ngati iyeyo angavomere kukwera.