Bambo akufuna kukaona dzina la agogo awo pa chipilala cha ku Zomba, ndiwauze bwanji?

Abale a pa gulu, ndili ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo. Bambo anga ali ndi zaka 83, maso ayamba kuchita chidima, ndiye andiuza kuti mvula isanagwe ndipite nawo ku Zomba akaone chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) chomwe chili kufupi ndi Cobbe Barracks. Agogo awo anatengedwa kwathu ku Ntcheu pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918 ija, kukasenza katundu wa asilikali. Anawagwira ali kudimba, khasu linatsala pomwepo, ndipo sanabwerenso. Maliro sanaliridwe, ngakhale kumeta sikunachitike. Khasulo lilipobe, linatha mpaka kutsala ngati chikhatho, bambo amalisunga m'sutikesi limodzi ndi Baibulo.

Iwo akukhulupirira ndi mtima wonse kuti dzina lili pachipilalapo, ndipo akufuna akatapeko dothi akathire kumanda kwathu. Ine ndili ndi mantha kuti tikapeza palibe. Kodi mayina a amtengatenga, osenza katundu aja, analembedwa? Nanga ndiwauziretu, kapena tingopita?

Nangondo: Achemwali, ine ndimadutsa pamenepo ndikamapita kuntchito. Ndi nsanja ya njerwa zofiira pa kachitunda m'mbali mwa msewu, simungasochere. Pali masitepe, ndiye bambowo muwagwire dzanja, ndipo fikani m'mawa dzuwa lisanawawe. Za dothizo yambani mwalonjera amene mungawapeze pamalopo, muwafotokozere. Ndi dera la asilikali lija, osangofika n'kuyamba kukumba.

Mphunzitsi Jere: Musawabise bambowo. Chipilalacho chinamangidwira asilikali a KAR, pomwe amtengatenga sankawerengedwa ngati asilikali. Nyasaland inapereka amuna pafupifupi 200,000 osenza katundu, ndipo ambiri amene anafa sanafe ndi chipolopolo ayi, koma kamwazi, malungo ndi njala m'njira za ku German East Africa (mbali yaikulu lero ndi Tanzania) ndi ku Mozambique. Ankawakwirira m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Mu 2021 bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha ndi kupepesa kuti Aafirika ochuluka sanakumbukiridwe ndi mayina ngati azungu. John Chilembwe anadandaula za magazi amenewa mu kalata yake ya mu 1914, nkhondo itangoyamba kumene. Komabe yesani kulemba dzinalo pa webusaiti ya bungwelo, m'malembedwe angapo, chifukwa azungu ankapotoza mayina athu. Ku National Archives nakonso ndi ku Zomba komweko, mukhoza kudzerako tsiku lomwelo.

Mbewe: Bwanji osangopita ku nsanja ya ku Area 18 ku Lilongwe? Nayonso ndi yokumbukira ankhondo.

Nangondo: A Mbewe, mkuluyo wanena Zomba, musamusinthire. Mtima wake uli kumeneko.

Sajeni wopuma: Mwana wanga, ine ndinavala yunifolomu ndipo ndikuuze kuti popanda anthu ngati agogo akowo, msilikali sakanadya, chipolopolo sichikanafika kutsogolo. Ngati mungathe, dikirani November. Tsiku lokumbukira ndi pa 11, mwambo umachitika Lamulungu loyandikana nalo. Bambo ako akamve lipenga likulira, anthu onse atangoti zii kwa mphindi ziwiri. Pamenepo akatchule dzinalo mokweza iwo eni. Khasulo mulitenge.

Mwini funso: Zikomo nonse, makamaka inu a Sajeni, mwandiliza. Ndawawerengera bambo zonse madzulo ano tili pakhonde. Anakhala chete kwa nthawi ndithu, kenako anati dzina likhalepo lisakhalepo, ulendo ulipo, ndipo ndiitanenso azakhali a ku Balaka. Tsono Nangondo, tikatsika minibasi yochokera ku Liwonde, pamafunika kabaza kapena munthu wamkulu angathe kuyenda pang'onopang'ono mpaka kufika?